Kamakina m'Chipinda cha Apongozi

Mkazi wanga analephera mayeso ake ali pamwamba pa chulu, ine nditamugwirira ambulera. Kuseri kwa nyumba za aphunzitsi ku Chisenga kuli chulu chachikulu, ndipo nthawi imeneyo ndi pokhapo pamene intaneti inkagwira moti munthu n'kuonana ndi wina pa kanema. Iye ndi namwino pa kachipatala ka m'dera lathu, ndipo ankawonjezera maphunziro kudzera pa intaneti, uku ntchito akugwira. Mayeso ena anali apakamwa: aphunzitsi atatu a ku koleji amakhala uko, iwe uli kuno, akukufunsa mafunso akukuyang'ana kumaso. Tsiku limenelo anavala yunifolomu yosita bwino, n'kukwera pachulupo ndi laputopu. Ali mkati moyankha funso lachiwiri, foni imene inkapereka intaneti inalumphira ku netiweki ya ku Zambia, monga amachitira mafoni a kuno akakutopera, ndipo nkhope za aphunzitsi aja zinangouma gwa. Pamene zinkagwiranso, nthawi yake inali itatha.

Sanalire. Anatsika, anavula nsapato n'kukutumula dothi, kenako anayankhula akuyang'ana ku mapiri a Mafinga, osati kwa ine.

"Kwatsala mwayi umodzi wokha, mwezi wa Okutobala. Zikachitikanso izi, bambo a mwana, ine ndikupempha transifa. Ndikakhala kwa achimwene ku Lilongwe, ndipo mwana nditenga. Sindingawolere kwanu kuno."

Mawu akuti kwanu kunowo anandibaya, chifukwa ine kwathu ndi ku Dowa, kuno inandibweretsa ndi ntchito ngati iye yemwe. Koma mphunzitsi wa sayansi akafika ku Chitipa, kupeza womulowa m'malo ndi nkhani ya zaka. Ndinali nditawaona anzanga amene akazi awo anatsogola kumudzi, amati kwa teremu imodzi yokha. Amayamba ndi kuyimbirana tsiku ndi tsiku, kenako Lamlungu lokha, kenako umangomva kuti ankhoswe akumana. Mwana wathu wamkazi anali atangoyamba kukhala pansi yekha. Ndisaname, ndinachita mantha.

Ndimaphunzitsa fizikisi, ndipo za makompyuta ndimazidziwa pang'ono, mlingo wongokwanira kuti munthu adzivute nawo. Ndinadula bulugama wamtali n'kumuimika kuseri kwa chipinda chathu chaching'ono. Pamwamba pake ndinamangirira mamodemu awiri, imodzi ya kampani iyi, ina ya kampani inayo, onse nditawaletsa kugwira netiweki yakunja, ndipo ndinawabisa m'chigubu chodula poopa mvula ndi dzuwa. Zingwe ziwiri zinatsika n'kulowa pabowo limene ndinaboola pakhoma. Chinatsala ndi mutu wa zonsezi: rauta yoti ilandire zingwe ziwirizo, netiweki ina ikagwa izisamukira ku inzake, komanso izitsekereza mafoni athu ndi a oyandikana nawo kuti asamadye bandulo ndi zinthu zachabechabe. Pulogalamu yochitira zimenezi imapezeka yaulere. Chovuta ndi chitsulo choti uiikemo, choti chisadzafe pa ola limodzi limene ukuchifunitsitsa.

Ndinayamba ngati wina aliyense, ku Boma, kwa bambo wina amene amakatenga katundu kunja, ku Tunduma. Anandilandira m'chiyankhulo cha kuno, akutamanda karauta ka maeriyo anayi otuluka ngati nyanga.

"Karibu, asambizgi. Ichi ntchiwemi chomene, orijino. Nyanga zinayi, mukuziona? Chikoka netiweki mpaka ya ku Isoka."

Ndinamuuza kuti ya ku Isokayo, ya ku Zambia, ndi imene ndikuthawa. Anaseka, ine ndinagulabe, poti munthu ukathedwa nzeru umakhulupirira ngakhale nyanga. Kanali kapulasitiki kopepuka, kolandira chingwe chimodzi chokha cha intaneti, ndipo pulogalamu yanga inakana kulowamo. Pakatha masiku awiri kankangouma, timagetsi take tikuyaka bwinobwino koma osadutsitsa kanthu, mpaka wina akazimitse n'kukayatsanso.

Kenako mnzanga wa ku Lufita anandipatsa kompyuta yakale ya padesiki, chibokosi cholemera. Ndinawonjezeramo mabowo a zingwe, pulogalamu inalowa, ndipo kwa sabata imodzi ndinkayenda modzimva. Koma chinkadya magetsi ngati mbaula, batire la sola linkauma dzuwa likangolowa. Ndiye panabwera mphepo ya Ogasiti. Amene sanakhaleko ku Chitipa mwezi umenewu salidziwa fumbi. Limalowa mu shuga, m'mabuku, ngakhale m'mano. Fani ya kompyuta ntchito yake ndi kukoka mpweya, ndiye inkakoka fumbi la Chisenga yense. Inayamba kulira ngati chigayo, kenako inasiya kulira, m'chipinda monse munangonunkha waya wopserera.

Yachitatu inali kakompyuta kokwana pachikhatho, kosunga zonse pa memori khadi ngati ya m'foni. Magetsi kankadya pang'ono, koma bowo la chingwe kanali nalo limodzi. Ena awiri ndinachita kulumikiza ndi tizipangizo topachika kunja, timene tinkatentha n'kumasiya kugwira ntchito tokha. Tsiku lina batire linazima mwadzidzidzi, khadi lija linasokonekera, ntchito ya sabata ziwiri n'kupita pachabe. Kenako ndikufunafuna cholembera patebulo la mkazi wanga, ndinapeza kalata yopempha transifa m'buku lake, yolembedwa kale, yongosowa deti ndi siginecha. Ndinaibwezera pomwepo.

Ndinayimbira mnzanga wa ku Mzuzu amene tinaphunzira limodzi, iye anapita ku makompyuta enieni. Ndinamuuza kuti liwiro sindikulifuna, nyanganso ayi. Ndikufuna chinthu chopanda fani, chopanda chilichonse chozungulira mkati mwake, chodya magetsi kuchokera ku batire osadutsira ku inveta. Mabowo a zingwe akhale omangiramo kufakitale, ndipo chikazima chiziyakanso chokha popanda wodina. Iye anawonjezera kuti chosungira chake chikhale cholimba, osati memori khadi. Anandilangizanso kuti pulogalamu isamalembe mbiri ya zochitika pa chosungiracho, izingosunga m'mutu, kuti chisathe msanga. Langizolo linali labwino ndipo ndinamvera, kungoti tanthauzo lake linali lakuti kamakinako kakazima, kamaiwala chimene chakazimitsa.

Kanabwera pa basi mpaka ku Boma, ine n'kukakatenga pa njinga yamoto. Kanali kabokosi kakuda ka aluminiyamu, kolemera m'manja, pamwamba pake pali mizere yakuya kuchokera uku mpaka uko.

"Thupi lakelo ndiye fani yake," mnzangayo anatero pa foni. "Kutentha kumatulukira m'mizeremo. Ungokasiya pamtetete, usakagwirenso."

Ndinakaika pa shelefu m'chipinda chaching'ono, pafupi ndi bowo lija, ndipo zingwe ndinazidula mongokwanira chifukwa ndimakonda ntchito yaudongo. Kanagwira sabata zitatu osatsokomola n'komwe. Mkazi wanga ankayeserera mayeso ndi anzake pa kanema ali pabalaza, mwana ali pamwendo. Anayambanso kuseka m'nyumba, ndipo ine ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti aka sikafuna munthu.

Kutatsala masiku asanu, apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anafika kuchokera ku Ntchisi kudzalera mwana kuti mkazi wangayo awerenge momasuka. Anayenda masiku awiri, mayi wachikulire wodwala miyendo. Nyumba yathu ili ndi zipinda ziwiri zogona, ndiye anapatsidwa chaching'ono chija. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pa mphasa imodzi, sayang'anana m'maso, ndipo chipinda chimene apongozi akugona mkamwini salowamo ngakhale nyumba ili yake. Mabanja ena anazisiya zimenezi, koma kwawo kwa mkazi wanga ayi. Pa zaka zinayi za ukwati sindinali nditayankhulapo nawo maso ndi maso. Mawu ankadutsira kwa mkazi wanga, iye akachokapo tinkauza mwana, wina n'kumamva. Sindinkaona vuto, ndipo kunena zoona ndinkaukonda ulemu umenewu. Mkazi wanga anandifunsa ngati kuli bwino kusamutsa kamakinako mayi asanalowe. Ndinakana, ndinati zingwe n'zazifupi, komanso kamene kaja sikafuna munthu.

Mawa lake masana, ine ndili kusukulu, intaneti inazima kwa kanthawi n'kubwerera yokha. Mkuja wake chimodzimodzi, nthawi yomweyo. Ndikafika madzulo n'kutsegula tsamba la kamakinako pa foni, zonse zinali zobiriwira, ndipo mbiri yake inali yopanda kanthu. Ndinanamizira makampani a netiweki. Ndinakwera bulugama uja ana asukulu akundiseka, ndinayeza batire, ndinasintha fyuzi imene inalibe mlandu. Pomaliza ndinatuma mkazi wanga kuti alowe m'chipindamo, ine nditaima panja.

"Timagetsi tikuphethira?"

"Tikuphethira."

"Zingwe zili m'malo mwake?"

"Zonse zili bwino. Mayi akukasamala ngati mwana."

Sindinafunse kuti akukasamala motani. Chakudya chinasiya kulowa, ndipo m'kalasi ndinkalemba pabolodi zinthu zimene ana ankachita kundikonza.

Mayeso anali a 2 koloko masana. Ndinapempha kwa ahedi kuti ndikhale kunyumba. Kunatentha kuyambira m'mawa, malata akuthetheka, mphepo ikuwomba fumbi lotentha. Mkazi wanga anadzitsekera pabalaza, chifukwa lamulo la mayesowo linali lakuti pakaoneka munthu wina pa kanema, kapena pakamveka wina akumuyankhula, ndiye kuti wabera. Apongozi anasamba n'kulowa m'chipinda mwawo kukapuma. Ine ndinakhala pakhomo lakuseri, mwana ali pamwendo, maso ali pa foni.

Patsamba lija pali kanambala kosonyeza kutentha kwa makina. Madzulo onse aja kankakhala kobiriwira, moti ndinali nditasiya kukayang'ana. Tsopano kanali kachikasu. Kupyola khoma ndinkamva mawu a mkazi wanga akuyankha m'Chingerezi, modekha, ndipo ndinkadziwa kuti akukhoza. Kanambala kanakwera, kanakweranso, kenako kanafiira. Mutu wanga unaima. Ndinanyamula mwana n'kulowa m'kanjira ka mkati, kamene kamachoka kukhomo lakuseri kufika kuzipinda, ndipo ndinagwada pachitseko cha apongozi.

"Iwe mwana," ndinanong'ona, "tawafunsa agogo ako ngati kabokosi kaja kali pamtetete."

Apongozi anayankha, nawonso monong'ona.

"Uwauze bambo ako asadandaule. Ndakafunditsa bwinobwino. Mphepo ya kuno ndi yoipa."

Anapitiriza kufotokozera mwanayo, monyadira ndithu. Tsiku limene anafika anakapeza kali pambalambanda, fumbi litadzaza m'mizere. Anali atamva kwa mwana wawo kuti makina ena aja linawapha ndi fumbi. Ndiye anatenga kansalu koluka kamene anatibweretsera ngati mphatso n'kukavindikira. Mphepo itakula anawonjezera chitenje chopinda kanayi, n'kupisa m'mbali monse, pamwamba n'kutsindikizapo buku la nyimbo. Mkazi wanga atalowa tsiku lija anachita kuvundukula, anaona timagetsi, n'kubwezeretsa mwaudongo. Anakulira m'nyumba imene wailesi, kabati, ngakhale simbi yositira zili ndi kansalu kake, ndiye kwa iye sinali nkhani yoti n'kuuza munthu.

"Mwana iwe, uwapemphe agogo achotse nsaluzo. Chonde. Kakupsa."

"Uwauze bambo ako kuti za m'mabuku amazidziwa, koma fumbi ndinalidziwa ine iwo asanabadwe. Mayeso a mwana wanga ali m'kabokosi kameneka. Akamaliza ndivundukula."

Ndinapsa mtima, koma ngakhale pamenepo ndinkadziwa kuti si nkhanza. Ankalondera chinthu chomwecho chimene ndinkalondera ine. Ndinayesanso. Ndinauza mwana wosadziwa n'kuyankhula komwe za aluminiyamu ndi mpweya, misozi ili m'maso, mawu ndikuwapanikiza kuti asamveke pabalaza. Apongozi anati mwanayo awauze bambo ake adekhe, Mulungu alipo.

Kenako ndinamva mkazi wanga akufunsa m'Chingerezi ngati akumumva. Anafunsa kawiri, ndipo kachiwiriko mawu ake anali atasintha. Tsamba pa foni linayamba kuchedwa kutseguka. Kugogoda pabalaza kukanakhala kumulepheretsa mayeso ndi manja anga. Mayi woyandikana nafe, amene akanalowa popanda mlandu, anali kudimba. Zenera la chipindacho linali lotseka mkati chifukwa cha fumbi lomwelo. Ndinasowa mtengo wogwira.

Ndinamuika mwana pansi. Ndinati, "Pepani, mayi." Amenewa ndi mawu oyamba amene ndinawayankhula ine mwini osadutsira kwa wina. Kenako ndinakankha chitseko.

Anali atakhala pabedi, chitenje atamanga m'chifuwa, akudzola mankhwala m'miyendo. Duku anali atavula. Sindinkadziwa kuti mutu wawo wonse ndi imvi. Tinayang'anana m'maso, ndipo sindidzaiwala mmene nkhope yawo inagwera. Sanakuwe. Anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa bulangete kumutu, kutentha konse kuja.

Buku la nyimbo linagwera pansi. Ndinakoka chitenje ndi kansalu kaja, ndipo chitsulocho chinandiwotcha zala. Ndinatsegula zenera, ndinatenga chivindikiro cha ndowa, n'kugwada n'kuyamba kukupiza. Choipa kwambiri n'chakuti sindikanatha kungovundukula n'kutuluka. Ndikasiya kukupiza, kanambala kankaima pomwepo, kofiira. Ndiye ndinakhalamo. Ndinagwada m'chipinda cha apongozi anga, nditawafulatira, iwo ali m'bulangete osatha kuvala kapena kutuluka, kwa nthawi yoposa theka la ola. Mwana anakwawa n'kukagwira mwendo wa agogo ake, koma iwo sanasunthe. Ndinkamva kupuma kwawo. Kanambala kanasanduka kachikasu, ndipo kupyola khoma mawu a mkazi wanga anayambiranso kuyenda bwino. Ndinakupiza mpaka nditamva mpando ukukwekwesedwa pabalaza.

Mkazi wanga anatuluka akuthamanga, akuitana, "Bambo a mwana! Mayi! Ndamaliza, sinaduke!" Anafika pakhomo la chipindacho akumwetulira. Anayang'ana ine pansi ndi chivindikiro m'manja, anayang'ana mayi ake m'bulangete, ndipo kumwetulira kuja kunatha.

"Mwalowa?"

Ananditulutsa ndi maso okha, n'kutseka chitseko. Ndinakakhala pansi pa bulugama ndikumva akuyankhulana motsitsa, kwa nthawi yaitali.

Apongozi ananyamuka m'mawa mwake. Anati mwana wawo asawaletse, sanakwiye ndi munthu, kungoti m'nyumbamo sangathenso kuyendamo. Chikwama chawo anakana kuti ndinyamule. Pamene njinga yamoto inkabwera kudzawatenga, ine ndinabisala kuseri kwa nyumba, ngati kuti ulemu umenewo ukanakonza kanthu.

Mkazi wanga anakhoza, ndipo anakhoza bwino. Ndinatumiza amalume anga ku Ntchisi ndi nkhuku yopepesera. Analandira. Apongozi anauza amalume kuti akumvetsa, mkamwini wawo ankapulumutsa mwana wawo yemwe, mlandu palibe, koma maso anaonana kale ndipo zimenezo nkhuku singabweze. Ku Chitipa sanabwerenso. Tikapita ku Ntchisi pa holide, amalandira mwana wawo ndi mdzukulu masana, ine ndili kwa achimwene a mkazi wanga, ndipo ndikayenera kufika pakhomo amapita kwa achemwali awo.

Mkazi wanga anakhala. Chimene ndinkafuna ndinachipeza, timadzuka m'nyumba imodzi, mwana ndimamuperekeza ndekha ku sukulu ya mkaka. Sananenepo kuti ndinalakwa, sananeneponso kuti ndinachita bwino. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinamufunsa kuti iye akanafuna ndichite chiyani.

"Sindikudziwa," anatero. "N'chifukwa chake sindikufunsani."

Kamakinako kali pashelefu pomwepo, ndipo kuyambira tsiku lija sikanazimepo. Ndinasankha bwino, mnzanga wa ku Mzuzu amatero ndikamuuza. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, mkazi wanga amayimbira ku Ntchisi pa kanema, ndipo mawu ndi chithunzi zimayenda bwinobwino. Mwana amawayimbira agogo ake nyimbo za kusukulu, iwo n'kumaseka mpaka kutsokomola. Ine ndimakhala panja. Koma mwanayu tsopano ndi wolongolola, ndipo nthawi zina amathamanga ndi foni kudzandipeza, akukuwa kuti adadi bwerani muwaone agogo. Akangotero, uko chithunzi chimatembenuka, timangoona denga la malata ndi mtanda wake. Chimakhala choncho mpaka mwanayo anene kuti adadi achoka.